Kakiyi ka Rediyeta ya Apongozi

Ndakuonani, ana inu. Musayese kuti poti ndimavala magalasi ndiye kuti ndachita khungu. M'mawa muja nditaima pakhomo la chipinda chapamwamba n'kunena kuti "Odi," iwe Tadala unamutsina mlongo wako, nonse awiri n'kukasekera ku bafa. Mukuti agogo mutu wayamba kuzungulira, akuodira chipinda chopanda munthu. Chabwino. Khalani pansi apa boyila iyambe yazizira, madzi otentha sitichita nawo masewera. Mafoniwo muwagoneke chafufumimba. Ndikakufunsani kanthu muziyankha m'Chichewa, chingakhale chokhota, ine ndiwongola.

Kwanu ku Lawrence kuja moto umatuluka m'timabowo ta pansi, ndipo bambo anu amauyatsa ndi foni ali m'galimoto, asanafike n'komwe pakhomo. Nyumba ino ya ku South Bend ndi nkhalamba, inabadwa ine kulibe. Muno timafunda ndi madzi. M'besimenti, chipinda cha pansi pa nthaka chija, muli boyila yotenthetsa madzi, madziwo amayenda m'mapaipi n'kukalowa m'zitsulo zanthitinthiti zili m'chipinda chilichonsezi, zimene timati marediyeta. Ndi mbaula zamadzi, basi. Koma zili ndi matenda amodzi, mpweya. Mpweya ukalowa m'mapaipi umakwera, umakwera, mpaka ukamange mudzi mu rediyeta yapamwamba kwambiri, ndipo madzi otentha safikako. Mankhwala ake ndi kakiyi aka kali m'manja mwangaka. Umakalowetsa pa kampope ka pakona, kupotoza pang'ono, mpweya n'kutuluka, madzi akangoonekera n'kutseka. Ntchito ya mphindi ziwiri. Ine inanditengera masiku asanu ndi anayi, pitikoti imodzi, ndipo banja langa linatsala pang'ono kupita nayo limodzi.

Paja ine ndinabwera kuno ndikudzitama kuti kuzizira ndimakudziwa, ndine wa ku Dedza. Kwathu mwezi wa Juni tinkapita kusukulu osavala nsapato, mapazi ali ming'alu yokhayokha, m'matumba a kabudula muli mbatata yootcha, ina uku ina uku. Mbatatayo inali ndi ntchito ziwiri, panjira imafunditsa manja, pa buleki imakhala chakudya. Inu magolovesi anu mungadye? Mbaula yathu inali chitini chakale chobooledwa ndi msomali, ndipo ikazima unkadziwa chochita, kuuzira. Ndiye nditagula nyumba ino ndinkaona zitsulozi ngati zokongoletsa za azungu. Sindinafunse munthu.

Chaka chimenecho agogo anu a Nabanda anali oyembekezera amayi anu. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kusambitsa nkhalamba zimene lero ndafanana nazo. Mayi awo a Nabanda, a Naphiri, anachokera ku Ntchisi kudzathandiza chikuta, ndipo tinawapatsa chipinda chapamwamba chija, chabwino kuposa zonse, chazenera loyang'ana kumsewu. Atangokhala masabata awiri, pakati pa Januwale, mimba inayamba kuvuta. Madokotala anati akuno sangathe, anawatumiza a Nabanda kuchipatala chachikulu ku Indianapolis, kumeneko n'kuwaadimita kuti agone phee mpaka tsiku lawo. M'nyumba muno tinatsala awiri, ine ndi apongozi anga.

Inu simukuona vuto, ndikudziwa. Bambo anu akabwera kuno amawakumbatira agogo anu, n'kukhala nawo pa sofa limodzi kumadya pitsa, ine ndimangoyang'ana kudenga. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu waukulu zedi. Ndipo chipinda chimene apongozi amagona, mkamwini saponda, kaya mwinimo alimo kaya kulibe. Ena anali atayamba kale kufewetsa, koma a Naphiri ankagwira mwambowu ndi manja awiri, ndipo ine ndinkafuna aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woleredwa. Tsono mwambo umenewu anaupanga anthu okhala ndi bwalo lalikulu ndi tchire lopatukirako. Sanaganize za nyumba ya masitepe amodzi. Ndikafuna kukwera ndinkatsokomola kawiri, iwo akafuna kutsika ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo tsiku lina titasemphana nthawi ndinakhala m'kabati ya majekete mpaka nyimbo yonse inatha, mavesi asanu.

A Nabanda alipo ankatinyamulira mawu. Atachoka tinakhala masiku awiri osayankhulana, mpaka mchere unatha. Ndili pa tebulo ndinamva kumbuyo kwanga, "Filiji iwe, uwauze eni nyumba kuti mchere watha." Ndinaganiza pang'ono, kenaka ndinati, "Filiji, uwauze amayi kuti ndamva, ndigula pobwera kuntchito." Usaseke, Mphatso. Filiji imeneyo inagwira ntchito yaunkhoswe zaka zambiri, ndipo siinapotozepo mawu a munthu. Pamwamba nkhoswe yathu inali chitseko.

Zizindikiro zinalipo, koma ine mutu wanga unali ku Indianapolis. M'mawa ankatsika ndi kapu yawo ya madzi n'kuiika pafupi ndi sitovu, madzimo atauma gwa. Ankavala majekete awiri a mwana wawo, pamwamba bulangete. Thobwa lomwe anaphika analisunga kuchipinda kwawo sabata yathunthu osasasa, ine n'kumati akundimana. Tsiku lina ndinafunsa ndithu. Ndinati, "Chitseko, kodi amayi akugona bwino? Sikukuzizira?" Yankho linabwera lochokera pansi pa mabulangete, "Uwauze kuti kuli bwino, zikomo kwambiri." Mlendo sadandaula. Ine ndinakhulupirira chitseko.

Ndiye Lachinayi lina masana foni inalira. A Nabanda, moni sanapereke.

"A Mbewe, mwawatani amayi?"

"Ine? Dzulo lomweli ndawagulira chinangwa kusitolo ya Amwenye."

"Akuti mwawatsekera moto. Akuti nyumba yonse ikufunda kupatula chipinda chawo chokha, ndiye amva, sangadikire kuti muchite kuwauza pakamwa. Apempha Mayi Chisale a kutchalitchi awasinthire tikiti ya ndege. Loweruka la sabata yamawa akubwerera kumudzi." Kenaka anati, "Ine mimba yoyamba, kuno kuchilendo, ndichire ndekha amayi anga ali m'ndege? Dokotala akuti ndisamadandaule, magazi akukwera. Konzani, a Mbewe. Sindikufuna kumva china."

Ndinachita mantha, ana inu, mantha enieni. Mkazi wanga ali gone kutali, mwana sitikudziwa ngati afika bwino, ndipo munthu mmodzi yekha amene akanamulimbitsa mtima akuchoka chifukwa cha ine. Ndinali ndi masiku asanu ndi anayi.

Nzeru yanga yoyamba inali kuwonjezera moto. Ndinapotoza kagudumu ka pakhoma kolamulira motowo mpaka kumapeto. Pansi pano panasanduka Nsanje mwezi wa Okutobala, majalini anasungunuka m'kabati, maluwa a a Nabanda anafota. Koma mkamwini sangayende chifuwa pamtunda apongozi ali m'nyumba, ndiye ine ndinali m'malaya amanja aatali omanga mabatani mpaka pakhosi, thukuta lili kamukamu. Pamwamba osasintha kanthu. A Naphiri atatsika n'kumva kutentha kuja anaima pa sitepe yomaliza n'kunena kuti, "Filiji, kani moto ulipo wambiri chonchi. Uwauze eni ake adye bwino." Zinthu ndinazionjeza.

Nyumba yoyandikana nayo munkakhala mzungu wina wachikulire, wopuma ntchito ya kufakitale. Tinkamutcha Chipewa, chifukwa dazi lake sitinalionepo. Ndinamupeza akuchotsa sinowo ndi fosholo, ndinamufotokozera. Anaseka, analowa m'nyumba mwake, anatuluka ndi kakiyi aka. Anati ndi mpweya basi, kwera pamwamba, mphindi ziwiri watha. Ndinati m'chipindamo sindingalowe. Anafunsa ngati ndataya kiyi wa chitseko. Ndinati chitseko n'chotsegula. Anafunsa ngati muli galu. Ndinati muli apongozi anga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsitsa mawu n'kufunsa ngati ali ndi mfuti. Nditamufotokozera za mwambo anati ndiye apite iyeyo, koma ndinakana. Mwamuna wachilendo, wachipewa, kuchipinda kwa apongozi, wotumidwa ndi ine? Akanakwera ndege tsiku lomwelo.

Ukufunsa bwino, Tadala, bwanji sindinaitane mzimayi. Mzimayi amene anali pafupi ndi Mayi Chisale omwewo. Amayi aja, Mulungu awasunge, ukawauza nkhani m'mawa ku South Bend, pofika madzulo aku Ntchisi akuifotokoza ndi zokometsera. Komanso ndisaname, ndinali wonyada. Ndinkafuna ndikonze ndekha.

Tsono ndili mnyamata ndinkapita kutchuthi kwa azakhali anga ku Mtakataka, kumene mitengo ya mango imatalika ngati ikuthawa ana. Tinkakwera basi kutsika phiri la Golomoti, nkhuku pamiyendo, amayi akupemphera pakona iliyonse. Kumeneko ndinaphunzira ngowe. Umalumikiza nsungwi ziwiri kapena zitatu, kumapeto kakokowe, ndipo bango lapansonga penipeni limagwera m'manja mwako. Panalibe mwana wondiposa pa ngowe. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza kuti mwambo umaletsa mapazi a mkamwini, koma sindinamvepo kuti umaletsa tsache. Ndinatenga mtengo wa tsache, mtengo wa mopu ndi chitsulo cha makatani, ndinalumikiza ndi tepi, kumapeto ndinamangirira kakiyi. Ndinayeserera masiku atatu pa rediyeta ya pabalaza, mpaka ndinaswa babu.

Lachiwiri m'mawa ndinamva alowa ku bafa. Chitseko chawo ankachisiya chotsegula kuti abeko kamphepo kofunda ka m'khonde. Ndinagona chafufumimba, chibwano pamalire penipeni pa chitseko, diso limodzi lotseka kuti ndisaone zambiri, n'kuyamba kulowetsa ngowe yanga. Rediyeta ili kuzenera uko, kampope kake kangati njere ya chimanga, mtengo ukugwedezeka. Ndinaphonya kamodzi, kawiri. Kachitatu ndinamva kuti ndakola. Ndinakoka pang'ono kuti ndione, chinthu chikubwera. Inali pitikoti yawo imene anayanika pa rediyeta, itauma ndi chisanu ngati chikumba. Ndinagwedeza kuti igwe, osagwa. Ndinati ndiikokere kuno ndiikolole ndi dzanja ndiibweze. Itangofika pamphuno panga, chitseko cha bafa chinatseguka.

Ine gone pansi, ngowe m'manja, pitikoti ikulendewera. Iwo anatembenukira kukhoma, monga mwa ulemu, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Babu iwe," anatero mwakachetechete, "ndakhala zaka zambiri, ndaona akamwini aulesi, ndaona akamwini oledzera. Koma wowedza zovala za apongozi ndamuona kuno ku Amereka."

Inu simudziwa, koma kwathu munthu wotenga chovala chako mobisa amapita nacho kwa sing'anga. Ndiye tsopano sindinali wongowathamangitsa chabe, ndinali wofuna kuwalodza. Ndinabwerera chambuyo chokwawa mpaka pa masitepe. Posakhalitsa ndinamva zipi wa sutukesi, ndipo kuyambira tsiku limenelo filiji inasiya kulandira mauthenga.

Lachisanu, mawa lake ndiye ulendo, ndinadzuka ndi nzeru yachitatu, yomwe inaposa zinzake uchitsiru. Ndinati ngati mpweya sindingautulutsire pamwamba, ndiutulutsira pansi. Ndikhetse madzi onse m'nyumba muno, mpweya utsatira madzi monga mwana wa ng'ombe atsatira make. Chipewa sindinamufunse. Paja safunsa anadya phula. Ndinazimitsa boyila, ndinatseka mpope wolowetsa madzi, ndinalumikiza hosi, paipi ya labala yothirira maluwa, pa kampope ka pansi pa boyila, mbali inayo n'kuitulutsira pa kazenera ka besimenti. Nditatsegula, kunatuluka madzi akuda bii, onunkha dzimbiri, madzi amene anakhala m'mapaipi kuyambira nthawi ya eni nyumba oyamba. Nyumba yonse inayamba kulira m'mimba, gudugudu pabalaza, gudugudu kukhitchini. Ine ndinali wokondwa, ndimvekere mpweya uja ukutsika. Sindinadziwe kuti pamene pachoka madzi pamalowa mpweya. Ndinali ndi mpweya m'chipinda chimodzi, tsopano ndinauitanira m'nyumba yonse, ndi abale ake omwe.

Kenaka ndinamva Chipewa akukuwa kunja. Madzi anga aja anayenderera mpaka pakhomo pa galaja yake n'kuuma, panali galasi lakuda kuchokera pano mpaka kumsewu. Ndinatuluka chothamanga n'kugwira hosi kuti ndiikoke. Phazi loyamba linapita kum'mawa, lachiwiri kumadzulo, ndinagwa chagada n'kuyamba ulendo. Ndinadutsa Chipewa, ndinadutsa bokosi la makalata, ndinakaima pa mulu wa sinowo kutsidya kwa msewu, hosi idakali m'manja. Ndili gone choncho ndinaona katani ya pamwamba ikugwedera, ndipo poti zenera linali lotsegula pang'ono, pakuti kunja ndi m'katimo kunali chimodzimodzi, ndinamva mawu. "Zenera, paja akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Chipewa anandidzutsa akutukwana m'chinenero cha makolo ake. Anati kukuzizira chonchi, nyumba yopanda moto siifika madzulo, mapaipi aphulika m'makoma. Anati nditseke pansi, ndidzazenso madzi, nditulutse mpweya rediyeta iliyonse kuyambira yapansi kumalizira yapamwamba, ndipo boyila ndisaiyatse mpaka yomalizayo itatulutsa madzi. Ananenetsa kuti yapamwambayo, ya amayi a mfuti aja. Atatero anapita kukawaza mchere pakhomo pake.

Ndinadzaza madzi, ndinazungulira zapansi zonse ndi kakiyi, ndinakwera kuchipinda kwathu n'kuchita chimodzimodzi. Inatsala imodzi. Pofika masana m'nyumba muno mpweya wa pakamwa unkaoneka ngati utsi. Malo ofunda anali amodzi okha, pafupi ndi uvuni. Ndinakhala pamenepo pa mpando nditasowa chochita. Kenaka ndinamva nyimbo ija pa masitepe, ndi sutukesi ikugunda sitepe iliyonse. Mphamvu zothawira m'kabati ndinalibe. Ndinangotembenuza mpando kuyang'ana kukhoma. Iwo anakoka mpando wina n'kukhala, msana ndi msana, filiji ili pambali pathu.

Ndinati, "Filiji, ndikudziwa kuti wanyanyala ntchito, koma undinyamulire mawu awa okha. Uwauze amayi kuti ine ndine chitsiru, koma mfiti sindine. Moto sindinawatsekere. M'chitsulo cha kuchipinda kwawo mwadzaza mpweya, ndipo umatuluka ndi kakiyi aka, koma ine sindingaponde m'chipinda chawo. Ngowe ija inali yofuna kutsegula chitsulo, pitikoti inangodzera. Madzi akudawa ndi nzeru yanganso. Uwauze kuti mwana wawo akulira ku Indianapolis, ndipo ine ndikuopa. Ndikuopa kuti mkazi wanga andifera, ndipo sindikudziwa kuti khanda amaligwira bwanji. Asapite. Ngati pafunika wina achoke muno, ndikagona kwa Chipewa."

Ndinamva apongozi akuminira m'kansalu. Kenaka anayankha.

"Filiji, uwafunse. Masiku onsewa ankadikira chiyani osandipatsa kakiyiko? Manja ndilibe?"

Ana inu, ndinaganiza za ngowe, ndinaganiza zokhetsa nyumba yonse, ndinaganizapo ngakhale zokwera makwerero kulowetsa dzanja pazenera. Koma zoti munthu wogona m'chipindamo angapotoze yekha kakiyi, sizinandifikepo m'mutu.

"Uwauzenso," anapitiriza, "kuti mjigo wa m'mudzi mwathu ukafa amaitana ine. Zaka khumi ndi ziwiri ndili mu komiti ya mjigo, sipanala imagona kunyumba kwanga. Ndimazula mapaipi asanu ndi awiri pansi pa nthaka, amuna ataimirira poteropo. Ndiye kachitsulo kameneka kandikanike?"

Zoonadi mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinaika kakiyi m'mbale, ndinagwada, n'kukankhira mbaleyo kumbuyo kwanga.

Anakwera, ine pambuyo patali. Ndinaima m'khonde kuyang'ana khoma. Ndinati, "Chitseko, uwauze ayike kapu pansi pa kampope, apotoze pang'ono kumanzere." Ndinamva kachitsulo kakulira, kenaka psiii, mpweya wautali ngati tayala la basi. Unatuluka, unatuluka, osatha. "Chitseko," anatero, "uwauze kuti chinthuchi chinali chodzimbidwa, n'chifukwa chake chinalibe chimwemwe." Ndinati madzi akangoonekera atseke msanga. Mawu anga asanathe ndinamva kuti tsaa, kenaka chete, kenaka kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Madzi akuda aja anawathira kumaso ndi pa duku, kapu ili poteropo youma. Nanenso ndinaseka, ndikuyang'ana khoma, misozi ikutsika.

Ndinatsika kukayatsa boyila. Patatha ola ndinamva, "Chitseko, uwauze kuti nthiti zayamba kufunda." Kenaka zipi wa sutukesi analiranso, ulendo uno kutsegula. Kakiyi sanandibwezere. Anakamanga pa mfundo ya chitenje chawo, pamene ankasunga zinthu zofunika.

Patapita masiku asanu foni inalira kuti nthawi yakwana. Tinauyamba ulendo wa ku Indianapolis, maola atatu, sinowo ikugwa, msewu uli mbee. Masiku ano mumagona njira yonse muli ndi zotsekera m'makutu, koma nthawi imeneyo msewu uja unali ndi maloboti osawerengeka, pa tawuni ya Kokomo pokha unkatha kukalamba. A Naphiri anakhala kumbuyo kwanga penipeni kuti tisaonane pagalasi, ndipo ankayankhula ndi mpando. "Mpando, uwauze achepetse, tikufuna tikafike." Pakapita mphindi zisanu, "Mpando, uwafunse ngati galimotoyi ikudwala." Tinafika nthawi yabwino. Analowa kwa mwana wawo, ine ndinatsala pa benchi. Dzuwa likupendeka anatuluka atanyamula kanthu m'kansalu, anaima pafupi ndi chitini cha zinyalala n'kuchiuza kuti, "Uwauze bambo a Chisomo atambasule manja, mutu agwirizize apa." Umo ndi mmene ndinadziwira kuti amayi anu abadwa, ndi dzina lawo lomwe.

Anabwera kudzakhala miyezi itatu, anakhala zaka makumi awiri ndi chimodzi. Chaka chilichonse masamba akayamba kufiira ankamasula mfundo ija n'kuzungulira nyumba yonse, kuyambira pansi kumalizira pamwamba, akukalipira rediyeta iliyonse ndi dzina lake. Kenaka anayamba kuyendera nyumba za anthu a kutchalitchi, ya Mayi Chisale yomwe. Chipewa manja atayamba kumuvuta ankawaitana iwowo. Iye Chichewa osadziwa, iwo Chingerezi osadziwa, koma unkawapeza onse awiri akutukwana paipi imodzi mogwirizana. Chaka chokhetsa madzi, monga tikuchitira leromu, ankakhala pamwamba pa masitepe a besimenti n'kumalamula kudzera kwa masitepewo, hosi ikathire mu dzenje la madzi oipa, osati kwa aneba. Filiji ija itafa tinagula ina, iwo anakhala mwezi wathunthu osailankhula. Ankati yatsopanoyi siikutidziwa.

Chaka chomaliza nyamakazi inawapinda zala, ndipo miyendo inakana masitepe. Linali tsiku ngati lalero, Okutobala, masana, agogo anu ali kuntchito. Ndinazungulira zapansi ndi pulayala, poti kakiyi kanali kwa eni ake. Nditafika pamwamba ndinatsokomola kawiri, ndinayang'ana khoma langa lija, ndinati, "Chitseko, uwafunse amayi ngati tidikire a Nabanda adzawathandize."

"A Mbewe."

Ndinayesa sindinamve bwino. Zaka zonsezo anali asananditchulepo pamaso.

"A Mbewe, lowani. Chitsekochi chatopa."

Ndinavula nsapato. Ndinati, "Odi." Anati, "Odini." Ndinalowa m'chipinda cha m'nyumba yangayanga chimene ndinali ndisanachione zaka makumi awiri ndi chimodzi. Chinthu choyamba kuona, pakona pafupi ndi zenera, inali ngowe yanga, tepi yake yomweyo. Ankatsegulira makatani ali gone. Anamasula mfundo ndi mano, anandiika kakiyi m'dzanja ndi manja awo, osati m'mbale, ndipo sanandisiye dzanja msanga. Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, ine maso osadziwa kowaika.

"Kani muli ndi mpata kumano," anatero. "Palibe anandiuza."

Ndinagwada pa rediyeta, kakiyi osalowa. Kumbuyo kwanga ndinamva, "Usathamange, mwana wanga. Ika kapu pansi, upotoze pang'ono kumanzere." Mpweya unatuluka, madzi anaonekera, ndinatseka. Ndinakhala pampando pafupi ndi bedi mpaka nthiti zinafunda, tikucheza za mjigo. Khirisimasi sanaione. Maliro tinawaperekeza ku Ntchisi.

Ndiye mwamva. Chilolezo cholowa m'chipinda chija anandipatsa kamodzi, cha tsiku limenelo, ndipo sindinamve kuti anati ndizingolowa. Gwira paipi iyo, Mphatso, yazizira? Chabwino, nyamukani. Tikhetsa, tidzaza, kenaka muzungulira nane zapansi zonse, aliyense apotozeko aone mmene mpweya umalirira. Yapamwamba ndikamaliza ndekha. Mukandimva ndikuodira, mundidikire pa masitepe, pakuti ndimayamba ndaima kaye pang'ono.